Ukamva Kuti Matenda Akula, Usagule Tikiti

Tukombo,
Lachisanu masana

Lusungu mwana wanga,

Pamene ndikulemba, iwe uli ku Chintheche ukulukitsa tsitsi, ndipo ndikudziwa kuti subwera msanga, chifukwa ukakumana ndi anzako aja pakamwa pako sipatseka. Bambo ako akuwodzera pampando wawo pakhonde. Ndati ndikhale pansi ndilembe, poti pamaso ndi pamaso ndalephera sabata yonseyi. Ndikangoti ndiyambe, iwe umati, “Amama, ndikudziwa,” ine n'kupsa mtima, nkhani n'kuthera pa masokosi ndi majuzi. Kalatayi ndiyika mu envelopu ya khaki ija muli pasipoti. Uiwerenge mawa m'basi mukadutsa Dwangwa, utasiya kulira.

Ndiyambe ndi chimene tonse m'nyumba muno tikuchidziwa koma palibe akuchitchula. Bambo ako akudwala, ndipo si matenda oti tiziti achira mvula ikagwa. Chiwagwereni sitiroko yachiwiri ija, dzanja ndi mwendo wakumanja sizinadzukenso, mawu amatuluka limodzilimodzi, magazi amathamangabe ngakhale amwe mankhwala pa nthawi yake. Ine ndagwira ntchito ya zaumoyo zaka zonsezi, nkhope ya dokotala ndimaiwerenga iye asanatsegule pakamwa. Akhoza kukhala nafe zaka, Mulungu akalola. Akhozanso kutisiya iwe usanazolowere n'komwe kuzizira kwa ku Ulayako. Ndili ndi mantha, mwanawe, sindikubisa.

Tsono mantha angawo akumana ndi kapepala kamene anakumatira m'pasipoti ku Lusaka. Unandifotokozera wekha patebulo paja. Viza imeneyo ndi yolowera kamodzi kokha. Ukafika, ukalembetsa kumene ukukhala, ukadinda zala, ukapempha khadi lokuloleza kukhala m'dzikomo ngati wophunzira, ndipo khadilo limatenga miyezi kuti lituluke. Ukatuluka m'dzikomo khadi lisanabwere, sakulolanso kulowa. Ndiye kuti uyambirenso: basi ya ku Lusaka, poti dzikolo lilibe ofesi ya kazembe ku Lilongwe, mzere uja, mafunso aja, kudikira kuja. Pamenepo anzako m'kalasi apita patali, ndipo amene akukulipirira sukulu ali ndi ana a eni ambirimbiri amene akulirira mwayi womwewo. Ndinakufunsa kuti, “Nanga kukagwa maliro?” Unayang'ana pansi n'kunena kuti, “Mwina amamvetsa, Amama.” Mwina! Ine tsogolo la mwana wanga sindilikhazika pa mwina.

N'chifukwa chake dzulo pa mapemphero okutsanzika aja ndinatuluka kupita kukhitchini anthu asanamalize kuimba. Unaganiza kuti ndapita kukaona tiyi. Sikunali tiyi. Ankhazi ako a Nyachirwa, mlongo wa bambo ako, ataimirira kuti akudalitse, unawamva chimene ananena. Ndichilemba m'chinenero changa kuti chikulowe kachiwiri: “Upite bwino, mwana wathu, ukaphunzire. Koma ukumbuke kuti ndiwe woyamba wa nyumba iyi. Foni ikalira, ukwere ndege. Ise kuno sitiyika munthu mwana wake woyamba asanathire dothi. Tidzakudikira.” Anthu n'kuti amen. Iwe n'kugwada bwinobwino, monga ndinakuphunzitsa ndekha, n'kunena kuti, “Yewo, Ankhazi, ndamva.” Ulemu wako unandikondweretsa ndi kundipweteka nthawi imodzi. Walonjeza pamaso pa mpingo chinthu chimene chikhoza kukuchotsa pasukulu, ndipo ndikukudziwa, iwe ukalonjeza umachita.

Nkhani imeneyo ndibwererakonso. Choyamba ndikuuze zimene zingathandize kuti khadilo lituluke msanga, chifukwa likangokhala m'manja mwako ine ndiyamba kugona tulo.

Chaka chimene ndinabwera kuno kuchokera kwathu ku Ntchisi ndinali mtsikana wa msinkhu wakowu, wodzimva nzeru ngati iwe. Boma linanditumiza kudzagwira ntchito ya zaumoyo m'midzi ya ku Kande. Ndinatsika basi ndi chikwama chimodzi, mkulu wa mpingo wina anandipezera kanyumba, ndipo m'mawa mwake ndinayamba ntchito. Kuyeza ana pasikelo, kuthira mankhwala m'zitsime, kukangana ndi asodzi za zimbudzi. Posakhalitsa dera lonse linandidziwa. Dzina langa la Naphiri analikhotetsa kukhala Nyaphiri, ana akandiona ankathawa poopa jekiseni. Kupita ku boma kukasainira kuti ndafika, ndinkati ndipita ndikapeza mpata, nanga si aliyense akundiona kuti ndilipo? Tsiku lina ndikuyeza ana pansi pa mtengo wa mango ndinangoona mwamuna wina watulukira ndi chikwama, akuti amutumiza kudzatenga malo a mayi wina wa ku Ntchisi amene sanabwere. Ndinathamangira ku boma. Ndinauza bwana kuti afunse aliyense ku Kande. Iye anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti, “Mayi, ofesi siifunsa anthu a pachitsime.” Ntchito ndinaipulumutsa ndi misozi ndi kupepesa.

Ndiye iwe ukafika, usanayambe kujambula zithunzi za chipale chofewa zotitumizira, usanafunefune kumene kumagulitsidwa ufa, pita ku ofesi imene anakuuza ukalembetse. Sabata yoyamba yomweyo. Usati ndipume kaye, usati ndidikire mnzanga andiperekeze. Aphunzitsi akhoza kukudziwa, woyang'anira hositelo akhoza kukukonda, koma ngati dzina lako silili mu kompyuta ya ofesi imeneyo, kwa iwo sunafike. Ukadzasamuka chipinda, ngakhale kungowoloka msewu, ukawauzenso. Makalata awo amatumiza kumene unalembetsa, ndipo kalata yokuitana kukadinda zala ikagwera m'bokosi la chipinda chakale, iwo adzati unakana kubwera.

Kulakwitsa kwanga kwachiwiri ankhazi ako amandisekabe nako mpaka lero. Nditangokwatiwa ndi bambo ako, Chitonga ndinkangomva mutu ndi mchira. Koma ndinkachita manyazi kunena kuti sindinamve, ndiye aliyense akandilankhula ndinkangomwetulira n'kuti yewo. Kunagwa maliro kuno ku Tukombo, mayi wina wa mpingo anandinong'oneza zinthu zambirimbiri, ine yewo, yewo. Titafika kumanda, abusa atamaliza pemphero, kunangoti zii, anthu onse maso pa ine. Kani ndinali nditavomera kuyambitsa nyimbo! Nyimboyo maimbidwe ake ndinkawadziwa, mawu ake a Chitonga ayi. Ndinaiyamba m'Chichewa, ndekhandekha, mpaka agogo ako anandimvera chisoni n'kuilanda. Safunsa anadya phula, ine ndinalidya pamaso pa mudzi wonse.

Iwe unatengera ine pamenepo. Umachita manyazi ndi anthu a m'maofesi, umagwedeza mutu usanamve. Kumeneko amalankhula mothamanga, ndipo ena a m'maofesiwo Chingelezi chawo n'chopindika kuposa chathu. Usavomere chimene sunamve. Nena kuti bwerezani. Akabwereza osamvabe, uwapemphe akulembere papepala tsiku, malo ndi zimene ukatenge. Akaipidwa, aipidwe, sudzakwatiwa kwawo. Kalata ikabwera m'chinenero chawo, usaiike m'Baibulo kuti udzaiona Loweruka. Pita nayo tsiku lomwelo ku ofesi ya pasukulu imene imathandiza ophunzira ochokera kunja, ndiyo ntchito imene anawalembera. Ndipo pasipoti usampatse munthu kuti akusungire, kaya ndi Mmalawi mnzako, kaya ndi wa mpingo, kaya akulonjeza kuti ali ndi mnzake ku ofesi amene amafulumizitsa makhadi. Amene amafulumizitsa makhadi ndi amene amasowetsa mapasipoti.

Tsopano za bambo ako. Iwe unali Fomu 1, unkangodziwa kuti Ada abwera ku Joni ndipo sanabwererenso. Sitinakuuze zonse. Bambo ako ankaphika pa hotela ina kumeneko, ndipo eni hotelayo anawakonda mpaka kuwathandiza kupempha pemiti yeniyeni yogwirira ntchito. Mapepala anali atalowa, ankangodikira yankho. Anawachenjeza kuti asatuluke m'dzikomo yankho lisanabwere, chifukwa masiku amene anawadindira pa boda anali atatha kale, chimene chinkawateteza ndi kudikirako. Ndiye agogo ako anamwalira. Ukudziwa mmene timachitira kuno: munthu wakutali sauzidwa kuti mayi ako afa. Amauzidwa kuti matenda akula, bwerani msanga. Amatero pomuchitira chifundo, kuti asakomoke panjira, kuti ayende ndi chiyembekezo. Bambo ako anamva mawu amenewo thupi lili kale ku mochale. Iwo anaganiza kuti akathamanga awapeza mayi awo akupuma, awagwire dzanja. Anakwera basi tsiku lomwelo. Pa boda anawadinda chidindo chowaletsa kulowanso kwa zaka.

Ine ndinali woyamba kusangalala nditawaona akutsika pa msewu. Chidindo chija anandionetsa, koma sindinachimvetse, ndinkati tikonza maliro akatha. Anathira dothi, mudzi wonse unawatama kuti uyu ndiye mwana, wasiya zonse kudzaika mayi wake. Otamawo anadya, anasamba m'manja, n'kubwerera kwawo. Bambo ako anatsala ndi chikwama cha zovala za kukhitchini zoyera mbee, zopanda kozivalira. Munthu amene ankaphikira alendo a mayiko onse anayamba kukoka khoka la chilimira m'bwato la mwini, kenaka kulima chinangwa. Sanadandaulepo pamaso panu ana. Koma tsiku lina, patapita zaka, anandiuza kuti, “Akanangondiuza zoona kuti Ama afa, ndikanalira komweko, ndikanabwera pemiti itatuluka kudzaona manda. Ama sakanadziwa kusiyana kwake.” Mawu amenewo sanandichoke.

Usandimve molakwa. Sindikukuuza kuti ukakhale mchona, munthu wotayika kunja amene kwawo amangomudziwa pa chithunzi. Dzenje limenelo liliponso, ndipo bambo ako aang'ono a Simeoni ali momwemo. Iwo anaona zimene zinachitikira mkulu wawo, ndiye anaganiza kuti nzeru n'kungokhala chete. Masiku awo atatha ku Joni sanapite kukawonjezera, anati mawa, anati mwezi wa mawa, mpaka zinafika poti akapita ku ofesi awagwira. Lero sangabwere, chifukwa akatuluka sadzalowanso, ndipo ana awo anabadwira komweko. Maliro onse a pabanja pano amaonera pa foni, wina atawagwirira m'mwamba kumanda, netiweki ikudukaduka. Bambo ako atagwa koyamba, a Simeoni analira pa foni ngati mwana, akuti, “Mlamu, muwayandikizire foni kukhutu andimve.” Ndinawayandikizira. Munthu wamkulu, wa imvi, wokhala ndi galimoto, koma sangakwere basi kudzaona mkulu wake.

Waona tsono chimene ndikufuna? Ndikufuna mapepala ako akhale oyera kuti uzitha kubwera ndi kubwerera ngati munthu. Khadi likatuluka, uyang'ane tsiku limene lidzathe, ulilembe pakhoma pafupi ndi bedi, ndipo ukapemphe latsopano nthawi ikadalipo yambiri, osati sabata yomaliza monga umachitira ndi mayunitsi a foni. Inshuwalansi ya chipatala isaduke, unandiuza wekha kuti popanda imeneyo sawonjezera khadi. Ndipo m'kalasi usajombe. Kuno kukagwa maliro asodzi salowa m'madzi, msika umachepa anthu, mphunzitsi akajomba sabata palibe amamufunsa. Kumeneko sukulu imawerenga masiku amene sunaoneke, ndipo ikaona kuti achuluka imadziwitsa a boma kuti wophunzira uyu sakuphunzira. Ukadwala, pita kwa dokotala akupatse kalata. Ukagwidwa ndi chisoni, pita ukawauze a pasukulu tsiku lomwelo, usangodzitsekera m'chipinda.

Pali kulakwitsa kwina kumene ndakuchitira iwe, ndipo ndikukuchenjeza usanadabwe. Kalata yako ya sikolashipu itabwera, ndinalephera kuugwira mtima. Pa msonkhano wa amayi a mpingo ndinaimirira n'kunena kuti mwana wanga akupita ku Ulaya, zonse alipira azungu, mpaka ndi ya m'thumba yomwe. Pakamwa panga! Pofika Lamlungu nkhani inali itafika ku Mpamba, ndipo inafika itanenepa. Lero msuweni wako akudikira injini ya bwato, wina malata, wina foni yojambula bwino, ndipo ankhazi ako andiuza kale mtundu wa nsapato. Adzakuimbira. Iwe mtima wako ndi wofewa, udzayamba kufuna maganyu ausiku kuti usawakhumudwitse. Pepala lako likuloleza maola ochepa okha a ntchito pa sabata. Usapyole ngakhale ola limodzi, ndipo usagwire ntchito ya pansi pa tebulo imene bwana wake safuna kukulemba dzina. Akakugwira, msuweni wa injini uja sadzabwera kudzakuchonderera. Ukawauze kuti amayi anakokomeza, ine ndivomera mlanduwo. Ngakhale za mankhwala a bambo ako usadzipanikize nazo, ine ndikadali pa ntchito, ndipo mpunga wa ku Limphasa umene ndimagulitsa uja ukuyendabe.

Ndibwerere ku lonjezo lako la dzulo. M'mawa uno utangokwera kabaza kupita pa msewu, ndinawasambitsa bambo ako, ndinawaveka shati yawo yabuluu, n'kuwakhazika pakhonde. Ndinakhala pansi pafupi ndi mwendo wawo wabwinowo n'kuwafotokozera zonse, za viza yolowera kamodzi, za khadi, za zimene mlongo wawo ananena. Ndinaona kuti dzulo anamva, kungoti mawu sanawapeze msanga anthu asanati amen. Ndinawafunsa ngati ndiitane a Nyachirwa ndi a Longwe, mkulu wa mpingo uja, kuti anene okha chimene akufuna pali mboni. Anagwedeza mutu kuvomera, mwamphamvu mpaka ndinaopa.

Atabwera, ndinayamba ine kufotokoza. Ankhazi ako sanandilole kumaliza. “Nzeru zimenezi n'zanu, mlamu,” anatero. “Mwina kwanu ku Ntchisi mumaika anthu ana ali kutali. Kuno ayi. Anthu adzati chiyani? Adzati mwana anapita kwa azungu n'kuiwala amene anamubala. Adzati a Chirwa anaikidwa ngati munthu wopanda mwana.” Zaka zonsezi ndaika nawo maliro a pabanja pano, ndasenza nawo madzi, ndagona nawo pamphasa, koma ikafika nkhani yovuta ndimasanduka wa ku Ntchisi. Ndinali pafupi kuyankha zoti ndikanadzapepesa mwezi wathunthu. A Longwe anakweza dzanja n'kunena kuti, “Amama, tiyeni timve mwiniwake.”

Bambo ako analimbana ndi lilime lawo nthawi yaitali. Thukuta linatuluka pamphumi. Anamenya mkono wa mpando ndi dzanja lamanzere, n'kutulutsa mawu awiri: “Wangazanga cha.” Asabwere. Ankhazi ako anati mwina sitinamve bwino. Bambo ako anabwerezanso, mokweza, akuwayang'ana m'maso. Kenaka analoza pachifuwa pawo n'kunena kuti, “Ine. Boda.” Tonse tinamva chimene ankatanthauza. A Nyachirwa anayamba kulira, osati kulira kwa mkwiyo ayi, kulira kwa munthu amene wauzidwa ndi mlongo wake za maliro ake omwe. Ananyamuka osatsanzika. Usawade. Amakonda mlongo wawo, ndipo mwambo umene akuuteteza si woipa, ndi umene wachititsa kuti pabanja pano pasakhale munthu woikidwa ngati galu. Kungoti mwambowo unapangidwa anthu akutali kwambiri ali ku Harare, sitima ndi basi zikuwabweretsa popanda wowafunsa za khadi. A Longwe alonjeza kuti tsikulo likadzafika adzaimirira okha kumanda n'kuuza anthu kuti anali mawu a mwiniwake, ndipo dothi lako adzathira mlongo wako Wongani.

Choncho lonjezo lako la dzulo lamasulidwa ndi mwiniwake, bambo ako. Sunaswe kanthu.

Komabe ndikuwadziwa anthu athu. Mawu a pakhonde ndi ena, zochitika pa tsiku la maliro ndi zina. Nambala yako ya kumeneko idzayenda m'mafoni onse a ku Tukombo sabata isanathe. Wina adzakuimbira ndi mawu ofatsa, akuti, “Lusungu, Ada matenda akula, akukuitana dzina, bwera msanga.” Mwanawe, ukamva mawu amenewo usatsegule kompyuta kufuna tikiti, usapite kukabwereka kwa anzako, usauze a pasukulu kuti ukunyamuka. Uimbire ine. Ndikukulonjeza pano, ndi dzanja langa lomwe, kuti sindidzakulankhula mokuluwika. Akakhala kuti agonekedwa kuchipatala ndidzati agonekedwa, ndipo ndidzawayandikizira foni kukhutu. Akakhala kuti apita ndidzati apita. Udzamva kwa ine, m'mawu osazungulira, ngakhale amayi onse a pamphasa andiyang'ane ngati mfiti. Ukatero ukauze a pasukulu, ufunefune Amalawi anzako akhale nawe, mupemphere, ulire mpaka mtima utsike. Koma khadi lisanatuluke, suyenda.

Likatuluka, ndiwe mfulu. Tsiku lomwelo ulijambule unditumizire, ndidzawaonetse bambo ako. Ukadzapeza tchuti ndi njira, bwera, kaya kudzawapeza pakhonde kaya kudzaona pamene tinawagoneka. Ine ndikupemphera usana ndi usiku kuti udzawapeze pakhonde, akukuseka kuti wayera ndipo Chitonga chako chapindika. Mwina kalata yonseyi ndi mantha chabe a mayi wokalamba, ndipo tidzaiwerenga limodzi tikuseka. Ndingakonde kusekedwa.

Chatsala chimodzi, ndipo ndi chimene chandivuta kulemba. Ankhazi ako sindiwaopa, ndakangana nawo zaka zambiri ndipo tonse tikadali moyo. Oimba mafoni aja sindiwaopanso. Amene ndikumuopa ndi ine. Lero ndikulemba mutu uli m'malo, dzuwa likuwala, bambo ako ndikuwamva akupuma pakhonde. Tsiku limenelo sindidzakhala chonchi. Ndidzakhala pamphasa, nyumba itadzaza, aliyense wolowa akundifunsa kuti mwana afika liti, ndipo ine ndidzafuna nkhope imodzi yokha pakati pa nkhope zonsezo. Ndikudzidziwa. Ndikhoza kudzatenga foni n'kunena kuti, “Lusungu, bwera, sindingathe ndekha.” Ndikhoza kudzakuuza kuti kalatayi uiiwale, ndinalemba ndisakudziwa. Ndikhoza ngakhale kukunyoza kuti wasanduka mzungu.

Ukadzamva zimenezo khadi lisanatuluke, udzalire nane. Udzakhale pa foni mpaka mayunitsi athe. Udzandiuze kuti umandikonda, udzanditonthoze monga ndinkakutonthozera uli wamng'ono. Koma usadzandimvere. Kamodzi kokha m'moyo wako ndikukulamula kuti udzakane mawu a mayi ako, ndipo ndidzakuthokoza chisoni chikadzaphwa, ngakhale zitatenga chaka.

Ndikumva kabaza waima pa msewu, mwina ndi iwe. Ndipukute m'maso usanalowe.

Chauta akutsogolere polowa, akutsegulirenso njira yobwerera.

Ndine mayi ako,
Nyaphiri